Galimoto Yodwala Chifuwa

Bambo anga, a Damdin, ananena Lamulungu m'mawa kuti sakwera galimoto yanga chifukwa ikudwala chifuwa. Ananena akuuzira tiyi wawo wamkaka, nkhope ili phee ngati akukamba za mphepo ya dzulo. Ine ndili ndi mtima wapachala, aliyense kwathu amadziwa, ndiye ndinayamba ndaika kapu pansi kuti ndisaiswe.

Lachinayi lake m'mawa tinayenera kukhala tili pachipatala cha maso ku Ulaanbaatar, likulu la dziko lathu, ulendo wa maola asanu ndi awiri kuchokera kwathu. Ng'ala inali itawatseka maso onse awiri kwa zaka zitatu. Dzina lawo linakhala pamndandanda pafupifupi chaka, ndipo mayi amene anandiimbira foni uja sanapite m'mbali: wophonya tsiku lake amabwerera kumchira kwa mzere. Kumchirako kunali chaka chamawa, kutanthauza chisanu china chathunthu munthu wamkulu akupapasa zitseko. Ulendo wa pa basi anaukana kalekale, ati basi imanunkha mapazi a anthu osawadziwa. Panatsala galimoto yanga yokha, nayonso anali ataipezera matenda.

Galimotoyo ndi haibulidi, mwa zija zimabwera kuchokera ku Japan zitakalamba kale, zoyendera petulo ndi batire mosinthanasinthana. Ndimanyamulira anthu pakati pa mudzi wathu ndi paboma, ndipo pamodzi ndi anthuwo mumalowa matumba a ufa, zigubu za mkaka, nthawi zina ndi nkhosa yomangidwa miyendo. Kunena zoona, phokoso linalimo. Ikaima imangoti zii mpaka umakayika ngati yazima, koma ikangoponda phula, okwera amayamba kuyankhulana ndi manja. Ine ndinali nditazolowera, ndinkangokweza wailesi.

Bambo ayi. Anati anaimva mwezi wa Julayi popita kumpikisano wa mahatchi, ndipo m'busa weniweni sakwera hatchi imene ikubanika, ngakhale akuthawa moto. Ndinawakumbutsa kuti galimoto ilibe mapapo. Iwo anati ndiye chikubanikacho n'chiyani. Tinakokanakokana mpaka tiyi anazizira, mapeto ake tinagwirizana chonchi: ine ndikaichiritse, iwo madzulo alionse aziiyesa monga amayesera hatchi. Azikhala mpando wakumbuyo, tizikafika paphula, tizikwera phiri la pafupi ndi kwathu n'kubwerera. Akamva kuti yachira, adzapita.

Ndiulule pano kuti opaleshoniyo inenso ndinkaiopa pang'ono, pa chifukwa changachanga. Chaka chimene Amayi anayamba kudwala, Bambo anapereka mbuzi yoyera kwa phiri, n'kuimanga kansalu kabuluu m'khosi. Mbuzi yotero sigulitsidwa, siphedwa, ngakhale kuipesa ubweya saipesa, imangodziyendera ngati bwana. Amayi anamwalira zaka ziwiri zapitazo, mbuzi inatsala, ndipo m'mawa uliwonse inkabwera pakhomo kudzanyambita mchere m'dzanja la Bambo. Mu Epulo, iwo ali gone ndi chimfine, mbuziyo inatupa mimba. Ndinaiponya pampando wakumbuyo n'kuthamangira nayo kwa dokotala wa ziweto, koma inafera pageti. Ine ndi mlamu wanga Yanjmaa, mkazi wa achimwene amene ali kumigodi, tinaphika bodza usana womwewo. Tinakatenga mbuzi ina m'khola la kwawo kwa Yanjmaa n'kuimanga kansalu komweko. Bambo anapitiriza kuipatsa mchere, ife tinapitiriza kutseka pakamwa.

Lolemba ndinalawirira kugalaja ya Jambal paboma. Jambal tinaphunzira limodzi, ndipo kuyambira nthawi imeneyo sanandiuzepo chinthu osayamba wandiseka. Anazungulira galimoto kawiri, manja ali kumbuyo, kenako anandifunsa ngati matayalawo ndimatola pamsewu. Matayala anayi, mitundu inayi, ndipo limodzi linali la nyengo ya chisanu, lamisomali, likukanda phula kuyambira Meyi. Tinakwera tonse, iye atatsamiritsa khutu pagalasi. Anandiuza ndithamange, kenako ndichotse phazi, kenako ndikhotere uku ndi uko. Ndikakhotera kumanja kulira kunkakula, ndikakhotera kumanzere kunkachepa. Titabwerera anainyamula ndi jeki n'kuzunguza gudumu lakumbuyo ndi dzanja, ndipo linalira ngati mphero. Bering'i, kachitsulo kamene gudumu limazungulirapo, inali itatha. Anaisintha, anandipezera matayala anayi apachibale, ndipo ndinabwerera kwathu ndikudzimvera kuimba kwanga koyamba pa zaka zambiri.

Madzulo Bambo anavala chipewa, ndinawagwira mkono n'kuwakhazika kumbuyo. Anakhala mowongoka, manja pamaondo, mutu utapendekera. Tinakwera phiri, tinabwerera, ine ndikuwasuzumira pagalasi ndi mtima wonyada.

"Mapazi mwaichiza," anatero potsika. "Chifuwa chikadalipo."

Lachiwiri ndinalinso kwa Jambal. Anandifunsa ngati ndayamba kumufuna, ndinamuuza kuti bola ndikwatiwe ndi jeki yake, poti iyo imanyamula kanthu. Tsiku limenelo anatenga kapepala, anakapanitsa ndi chitseko n'kukakoka. Kanasololoka popanda chokagwira. Zitseko zonse zinayi chimodzimodzi, mphira zake zinali zitauma ndi chisanu n'kung'aluka, mphepo inkangodzilowera ngati kwawo. Pansi pa tayala la sipeya anapezanso mabowo awiri opanda zotsekera, ndipo anandionetsa dothi la galaja yake kudzera m'galimoto yanga. Anaika mphira zina, anatseka mabowo, anamata ndi pomwe panalibe vuto. Ndinamufunsa za chifuwa chimene Bambo ankanena, iye anaseka mpaka kukhosomola, ati akuluakulu akafuna kukana ulendo ngakhale mtambo amaupezera mlandu.

Madzulo Bambo anamvetseranso. Anavomera kuti galimoto yavala jekete labwino, ndipo Jambal ali ndi manja ngakhale alibe ulemu. Koma chifuwa, ati, chinali pomwepo, ndipo tsopano chinkamveka bwino kuposa kale. Ndinawafunsa kuti chili pati. Analoza kumbuyo kwawo ndi chala chachikulu. Ine ndinati kumeneko ndi msewu basi, msewu umalira, ndi ntchito yake. Ndinayankhula mokweza kuposa mmene mwana amayenera kuyankhulira bambo ake, ndipo ndinachita nazo manyazi pambuyo pake.

Apa m'pamene analowererapo mlamu wanga. Yanjmaa ndi munthu amene sakhulupirira amakaniko, madokotala ndi anthu olosera zanyengo. Anati ife takhala zaka zikwi m'nyumba zokutidwa ndi esigi, chinsalu chokhuthala cha ubweya wa nkhosa chija, ndipo mphepo ikamawomba kunja mwana m'kati amagona tulo. Nanga galimoto ndi ndani kuti ikane esigi? Anali ndi mpukutu wotsala pamene tinkakuta nyumba ya achimwene. Ine ndinali nditagwira njakata, chifukwa kuti tikafike Lachinayi m'mawa tinayenera kunyamuka Lachitatu dzuwa lisanapendeke kwambiri, tikagone kwa msuweni wanga mumzinda. Ndinavomera.

Lachitatu tinayamba mbandakucha. Tinazula mipando, tinasenda zitseko, tinayala esigi pansi, m'buti, pamwamba pa magudumu, paliponse pamene dzanja linkalowa. Yanjmaa ankadula ndi mpeni wa nyama, ine ndinkakanikiza. Pambali pa mpando wakumbuyo pali kabowo kotchingidwa ndi timizere tapulasitiki, ndipo iye atakaona anawomba m'manja, ati wapeza khomo la phokoso lonse limene mbuli ya paboma ija inalephera kuliona. Anatsenderamo esigi mpaka chala osalowa. Pomaliza galimoto inkanunkha nkhosa yonyowa, koma ukamenya chitseko chinkangoti dii, ngati galimoto ya nduna.

Dzuwa lili pamutu ndinawakhazika Bambo. Paphula, abale, kunali bata loti ndinkamva mimba yanga ikulira. Ndinayamba kale kuwerengera kuti ndiwanyamulire malaya ati. Tinayamba kukwera phiri. Tisanafike pakati, kumbuyo kunayamba kubanika kenakake, koyamba pang'onopang'ono, kenako mwamphamvu, ngati munthu akupuma atafundira bulangete kumutu. Padashibodi panayaka chizindikiro chofiira, galimoto inalefuka, ndipo ndinangokwanitsa kuikwawitsa mpaka pamwamba, pafupi ndi mulu wa miyala pamene timaikapo zopereka. Mapiri onse ali m'dziko muno, inasankha kufera pa phiri la mbuzi ija.

Ndinamuimbira Jambal. Nditamufotokozera za kabowo, anandifunsa ngati ine ndi mlamu wanga tinabadwa choncho kapena tinachita kuphunzira. Kabowoko, ati, ndi mphuno ya batire. Batire lalikulu lili kuseri kwa mpando, limatentha, ndipo pali fani imene imakoka mpweya kudzera pamenepo kuti ilizizire. Tikanapitirira pang'ono tikanaliphika. Anati ndichotse esigi msanga, ndipo ngati faniyo inkalira kale tisanaitseke, ndiye kuti yadzaza zinyalala ndipo ikulimbana ndi mpweya. Iye anali kutali, pansi pa lole ya munthu wina, ndiye anandiuza mabawuti oti ndimasule n'kudula foni.

Bambo anali atamva zonse, poti foni yanga imakuwa. Anangoseka pang'ono m'mphuno, ndipo bola akanandinyoza.

Ndinasolola esigi, ndinachotsa mpando, ndinamasula mabawuti mpaka ndinafika pa chipaipi chakuda ndi faniyo. M'kati munali mdima, dzanja langa linkangokhudza chinthu chofewa. Bambo anati ndisunthe. Anagwada pakhomo la galimoto, anapinda mkono wa malaya n'kulowetsa zala zawo, zala zomwe zakhala zikutembenuza ana a nkhosa m'mimba mwa amawo kwa zaka makumi asanu. Anatulutsa chipukutu cha ubweya, kenako china, kenako chinanso. Unali woyera, wautali, wopotana ndi fumbi. Anaupota pakati pa zala, anaununkhiza, ndipo pa chipukutu chachitatu panalendewera ulusi wabuluu umene ine ndinauona, iwo anangoukhudza.

Mbuzi ija inali ikuyoyola ubweya tsiku limene ndinainyamula, ndipo inagona mutu uli pomwepo, pa kabowo, ulendo wonse.

"Ubweya uwu sunaonepo chipeso," anatero Bambo. "Norjmaa, mbuzi ya phiri inayamba liti kukwera galimoto?"

Akulu anati ukabisa matenda maliro adzaulula. Ndinaulula zonse nditakhala pamwala, kuyambira kutupa kwa mimba mpaka khola la kwawo kwa Yanjmaa. Ndinapepesa. Ndinati tinaopa kuti mtima wawo usweka, poti mbuziyo inali ya nthawi ya Amayi.

Iwo anapitiriza kusolola ubweya. Anati anadziwa m'mawa woyamba. Yakale ija inkanyambita mchere mwaulemu, yatsopanoyi imaluma ndi chala chomwe, imalira ngati chitseko chadzimbiri, ndipo inabwera ikununkha khola la azibambo a Yanjmaa, amene sanalisesepo chiyambire ufulu. Ndinawafunsa kuti nanga anakhaliranji chete miyezi isanu yonseyi. Anati anaona kuti bodzalo tinalivutikira kwambiri, ndiye sanafune kutiwonongera. Anangofunsa chimodzi, kuti mtembo wake ndinautani. Ndinawauza kuti ndinabwera nawo pano, ndipo mutu wake ndinauika pamulu wa miyala uja. Anagwedeza mutu n'kunena kuti pamenepo ndiye ndinachita ngati mwana wa munthu.

Fani ndinaitsuka ndi mswachi wanga wa m'galimoto. Ndinabwezera zonse, tinadikira batire lizizire, ndinayatsa, chizindikiro chofiira chinazima. Tinatsika kuseri kwa phiri n'kukweranso kuti tiiyese bwino. Kumbuyo kunali zii. Potsetsereka kubwerera kwathu injini inadzizimitsa monga imachitira, tinkangoyenda ndi batire, ndipo chomwe chinkamveka ndi timiyala tokha pansi pa matayala.

Ndinati chifuwa chachira, tikangofika tinyamule katundu. Bambo anatchera khutu. Ndinawaona pagalasi akupendeketsa mutu uku ndi uko, akusakasaka matenda ena. Anagogoda chitseko, anagwedeza lamba, anapondaponda pansi. Panalibe chimene chinalira. Kenako anayankhula motsitsa kwambiri, moti m'galimoto ya sabata yatha ija sindikanamva ngakhale liwu limodzi.

"Maso anga anatsekeka amako ali moyo. Ndikalowa m'nyumba ndimawaonabe kumbali yawo ija, pafupi ndi mbaula, atavala duku lobiriwira. Akakanditsegula masowa, ndikapeza palibe munthu."

Ndinaimitsa galimoto pakati pa msipu. Ndinalira, koma ine ndikalira ndimapsanso mtima, ndi mmene ndinabadwira. Ndinkafuna kuwanena kuti andizunguza masiku atatu, andigulitsa matayala ndi mphira, andiseketsa kwa Jambal, chonsecho vuto silinali galimoto. Koma chifuwa chinalipodi, ndiye pamenepo ndinalibe mlandu wowapatsa. Chimene chinatuluka pakamwa panga ndi china, chimene sindinkadziwa kuti ndinachisunga.

"Bambo, ine malo amenewo ndimawaona tsiku lililonse. Zaka ziwiri ndikuwayang'ana ndekha. Yanjmaa ali ndi amayi ake, achimwene ali kumigodi, inu muli ndi duku lanu lobiriwira. Ndatopa, ndikufuna wina woti tiziona naye."

Bambo anapotapota chipukutu cha ubweya chija m'manja, poti anali atakana kuchitaya. Kunja kunadutsa mahatchi a aneba athu, osatiyang'ana n'komwe. Ndinapukuta nkhope ndi mkono ndikuganiza kuti ndalakwitsa, kuti ndawonjeza mchere pachilonda.

"Chipewa changa chabwino chili m'bokosi lofiira," anatero. "Osati ichi, ichi n'cha kukhola."

Tinanyamuka dzuwa litangopendeka. Yanjmaa anatulutsa chipande cha Amayi chowazira mkaka, anawaza pamatayala onse anayi ndi kumbuyo kwathu monga timachitira munthu akamapita ulendo. Ankawaza akudzitama kuti bata lonselo ndi la esigi wake, za mphuno ya batire osazitchula. Bambo anatsitsa galasi n'kumuuza kuti akauze azibambo ake asese khola. Mlamu wanga anaima kukamwa kuli yasa, chipande chikudontha, ndipo ndinamuona pagalasi ali chomwecho mpaka tinakhota.

Ulendo wonse Bambo sanatseke pakamwa. Galimoto yabata ili ndi vuto lake, munthu umamva chilichonse. Ndinamva za hatchi iliyonse imene anakwerapo, za mmene ndimapondera mabuleki ngati ndikupha njoka, ndi za tsiku limene anakafunsira Amayi atabwereka nsapato zothina. Nkhani ya nsapatoyo ndinali ndisanaimvepo, ndipo wailesi sindinayatse.

Anawachita diso lamanja Lachinayi, lamanzere anati mwezi wamawa. Tinabwerera patatha masiku asanu ndi atatu, iwo atavala magalasi akuda ngati woimba. Njira yonse ankawerenga zikwangwani mokweza ndi kudandaula kuti anthu anenepa. Ine anandiyang'ana kamodzi paphewa n'kunena kuti ndamera imvi osawauza.

Titaima pakhomo, woyamba kutilandira anali mbuzi ija, ikuthamangira mchere. Bambo anavula magalasi, anaiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumchira, kenako anandiyang'ana ine ndi Yanjmaa. Mbuziyo ili ndi khutu limodzi lofiirira ndi banga lakuda pamsana. Anafunsa ngati m'khola lonse lija munalibe yoyera yeniyeni, kapena tinaganiza kuti phiri nalonso lili ndi ng'ala. Yanjmaa anathawira kuseri kwa nyumba akuseka. Iwo anapisa m'thumba n'kuipatsa mchere, ndipo inawaluma chala.

Kenako panatsala chitseko. Anayenda okha mpaka pamenepo, osapapasa, koma atafika anaima. Chinali chotsegula, ndipo mbaula inkaonekera, ndi mabeseni a Amayi, ndi kampando kawo kafupi kaja. Sanalowe. Anatambasula dzanja chakumbuyo osacheuka, monga ankachitira ali osaona, ndipo ndinawapatsa mkono wanga. Anaugwira mwamphamvu kuposa masiku onse aja. Tinawerama pachitseko, mwendo wamanja patsogolo, n'kulowa tonse awiri.